Dothi Losafuna Dzuwa

Nedson Masiye anakumba zitsime kwa Chinsapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chibwerereni kuchokera kwawo ku Phalombe, ndipo pa zaka zonsezo panali dothi limodzi lokha lomwe ankaliopa. Pamwamba pamakhala katondo wofiira, wouma gwa, woti piki imachita kunjanja. Kenako pamabwera dothi la timiyala. Koma m'malo ena, ukatsika mamita asanu ndi atatu, umapeza lamba wa dothi lotuwa, losalala ngati ufa woyera, lopanda ndi kamwala komwe. Fosholo imangolowa yokha. Okumba atsopano amakondwa akalipeza poti ntchito imafulumira. Nedson sankakondwa. Dothi limenelo limaima chilili ngati khoma lomangidwa ndi mmisiri, kenako limangokhala pansi osachenjeza munthu, makamaka likanyowa. Iye ankangolitcha ufa.

Mwezi wa Okutobala ankakumba chitsime pa puloti ya Mayi Lois, mayi wamasiye wa nyumba zisanu za lendi. Kunkatentha koti malata ankalira okha, ndipo masana aliwonse kamvuluvulu ankadutsa mumsewu atanyamula majumbo ndi fumbi. Lolemba, iye ndi mnzake wokumba naye, Jones, anafika pa ufa uja. Lachiwiri kunabwera mlendo pa kabaza, mtsikana wa buluku ndi nsapato zokhuthala, chikwama chili kumsana.

"Abambo, dzina langa ndine Irene, ndimaphunzira za dothi ku yunivesite. Ndamva kuti inu mumadziwa pomwe pali dothi losalala lopanda miyala."

"Wakuuzani ndani, achemwali?"

"Oumba njerwa ku Njewa. Akuti ndikafunse a Masiye a kwa Chinsapo."

Nedson anamulozera mulu wa dothi lomwe anatulutsa dzulo lake. Irene ananjuta, natapa pang'ono, nalifikisa pakati pa zala. Analinyowetsa ndi malovu, kenako anaika kanyenyeswa pamano akutsogolo n'kukukuta pang'onopang'ono, maso ali m'mwamba ngati munthu wolawa mchere wa ndiwo. Mayi wina amene ankachapa pakhomo pa nyumba yachitatu anasiya kuchapa.

"Madzi akanyamula dothi amasakaniza zonse," anatero Irene, "miyala, mchenga, tizidutswa ta mitengo. Mphepo ndiye imasankha. Imanyamula zopepuka zokhazokha, zofanana kukula. Ngati ili ndi fumbi la mphepo monga ndikuganizira, ndiye kuti kalekale kuno kunauma zaka zambirimbiri, udzu osamera, mphepo n'kumangothira fumbi pamwamba pa fumbi linzake. Ndikufuna kudziwa kuti zinachitika liti."

"Mukadziwa ndiye mutani?"

"Chilala chomwe chinabwerapo chikhoza kubweranso. Ndi bwino kudziwiratu kukula kwake."

Nedson anamuuza kuti atenge dothi la pamulupo, ngakhale thumba lonse. Irene anapukusa mutu. Anatulutsa m'chikwama mapaipi achitsulo opaka penti yakuda, aafupi ngati mkono wa mwana. Anafotokoza kuti timchenga tikakwiririka timayamba kusunga chiwerengero cha zaka kuyambira tsiku lomwe tinaona dzuwa komaliza, ndipo kuli makina otha kuwerenga zaka zimenezo. Koma tikangoonanso kuwala, chiwerengero chonse chimafufutika. Motero paipi imayenera kukhomedwa m'khoma la chitsime momwemo, kuizula ili yodzaza, kuitseka mbali zonse, osaitsegulanso mpaka m'chipinda chamdima cha ku labotale.

"Ndipatseni ndikakhome ndine," anatero Nedson.

"Ndiyenera kuona ndi maso anga, kuyeza ndi kulemba pomwe paipi iliyonse yachokera. Kupanda kutero aphunzitsi anga sazilandira."

Nedson anakana kawiri. Kachitatu anavomera, koma anaika malamulo ake: m'mawa kusanatenthe, osapitirira theka la ola, ndipo pakamwa pa chitsime pasayandikire munthu. Mayi Lois anawerenga kalata ya ku sukulu yomwe Irene anabwera nayo, naipinda bwinobwino, nangoti, "Bola musandiwonongere chitsime changa."

Lachinayi Irene anafika nthawi ya seveni. Piki inali itathyoka pamutu dzulo lake, choncho Nedson anatuma Jones kuti akaiwotcheretse kumsika, abwere msanga. Kutsitsa munthu m'chitsime munthu mmodzi amatha, bola chingwe achikulunge kawiri pamtengo wa bulugamu wopingasa pakamwa. Kukweza ndiye kumafuna anthu awiri. Nedson anawerengera kuti pomwe Irene azimaliza, Jones adzakhala atabwera kalekale.

Irene anavala chipewa cholimba, nakhala pa kamtengo komangirira kuchingwe, natsika. Atafika pansi anaitana kuti ali bwino. Posakhalitsa hamala inayamba kumveka, go, go, go, mawu ake akukwera m'dzenjemo ngati akuchokera m'mgolo. Nedson anagona chafufumimba pathabwa la pakamwa pa chitsime n'kumayang'ana khoma la ufa lija, lomwe linayambira m'chiuno mwa mtsikanayo mpaka kupitirira mutu wake. Paipi yoyamba inakwera m'ndowa itakulungidwa pulasitiki yakuda ndi tepi. Yachiwiri inabwera, kenako yachitatu. Anaziika m'thumba pamthunzi wa mpanda.

Theka la ola linakwana. Jones sanaoneke.

Chimene Nedson sankadziwa n'chakuti kumsika kuja Jones anatsegula pakamwa. Poyembekeza piki, anayamba kudzitama kuti pantchito pawo pabwera mzimayi wa ku yunivesite amene akukhoma mapaipi akuda m'chitsime, mapaipi oti saloledwa kuona dzuwa. Amene ankawotcherera pikiyo anali Mcdonald. Dzinja lapitalo kolera inalowa m'dera limenelo, ndipo Mcdonald anaika m'manda mwana wake wamkazi, Dalitso, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambire nthawi imeneyo m'malo omwera tiyi munkamveka nkhani yoti matendawo sanabwere okha, pali anthu amene ankayenda n'kumathira zinthu m'zitsime. Mcdonald anazimitsa makina, navula magalasi ake akuda. Jones ataona nkhope yake anazindikira chomwe wachita, ndipo anasiya piki pomwepo n'kulowera njira ya ku Likuni.

Nedson anayamba wamva phokoso asanaone anthu. Kenako geti ya malata inakankhidwa, nalowa Mcdonald, kumbuyo kwake amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi, kumbuyo kwa amenewo amayi, a kabaza, ogulitsa makala, anthu oti ena sankadziwa n'komwe chomwe akulondola. Bwalo la Mayi Lois linali laling'ono. Linadzaza nthawi yomweyo.

Nedson anaimirira, natambasula manja patsogolo pa chitsime.

"Chonde abale anga, imani kutaliko. Pansipa pali munthu."

"Munthuyo ndi amene tikumufuna," anatero Mcdonald. Sanakweze mawu. "A Masiye, inu timakudziwani. Mukuika chiyani m'madzi mwa anthu?"

"Sitikuika kanthu, achimwene. Tikuchotsa. Ndi dothi basi. Ndipo madzi sitinawafike n'komwe."

"Dothi la m'mapaipi?"

Munthu wina anali atapeza kale thumba lija. Linadutsa m'manja mwa anthu mpaka linafika kwa Mcdonald, amene anatulutsa paipi imodzi n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone pulasitiki yakudayo. Anthu anang'ung'udza, nasendera kutsogolo. Mulu wa dothi unali pafupi ndi dzenje, ndipo amene anakwerapo kuti aone bwino anayamba kugwetsera zibuma m'kati.

"Abambo, kukuchitika chiyani kumtundako?" Mawu a Irene anamveka aang'ono, akutali. "Dothi likundigwera."

"Tsamirani khoma la kum'mawa, mugwire chipewa. Musakhomenso."

"Kodi atenga mapaipi? Auzeni asatsegule padzuwa, chonde."

Mawu amenewo anamveka kwa aliyense amene anali pafupi.

"Mwamva nokha," anatero mwamuna wina wa jekete la kabaza. "Zinthu zoopa dzuwa."

Mayi wochapa uja anati iye anaona ndi maso ake mtsikanayo akudya dothi Lachiwiri. Mayi Lois anatuluka m'nyumba akuthamanga, kalata ili m'manja, naiwerenga mokweza. Wina anawayankha kuti makalata otere amatayipa pamsika pomwepa, chidindo ndi mbatata yosema. Nedson anaona mnyamata wina wamkulu ndithu akutola chidutswa cha njerwa n'kuchibisa kumbuyo.

Anayang'ana chingwe, nayang'ana anthu. Yekha sakanatha kumukweza Irene. Ndipo akanati amukweze, akanamukwezera m'manja mwa ndani?

"Achimwene, patseni paipiyo."

Mcdonald anazengereza, kenako anapereka. Nedson anang'amba tepi ndi mano, nachotsa pulasitiki. Ankadziwa kuti akuwononga chinthu chomwe mtsikana uja anachivutikira, koma sanayang'ane kudzenje. Anagogoda paipiyo pamwala, nagwira dzanja la Mcdonald, nalitembenuza, nakhuthuliramo. Fumbi lotuwa linadzaza chikhatho cha mabala a moto chija n'kumayoyokera pansi. Nedson anatapa ndi zala zitatu, naika m'kamwa, nameza movutikira.

"Ndi dothi lomwe lili pamulu mwapondapo. Ngati ndi poizoni, ndiyamba kufa ndine."

Mcdonald ananunkhiza fumbilo. Analifikisa ndi chala chachikulu.

"Tsegulani inayo."

Nedson anatsegula yachiwiri. Munali zomwezo. Amene anali kutsogolo anayamba kuyang'anana, ndipo mayi wina anaseka mwamanyazi. Koma akumbuyo sankaona kanthu, ndipo ankakankha kuti afike. Pafupi ndi chitsime panali mgolo wa madzi omwe Mayi Lois anatungitsa oti adzakandire simenti yomangira pakamwa. Unali pamwamba pa njerwa zitatu. Munthu wina anakankhidwa, nautsamira ndi msana. Nedson anauona ukupendekeka, anadumpha, koma dzanja lake linangokhudza mkombero. Mgolo unagwa cham'mbali, madzi onse nathamangira kudzenje n'kumatsika ndi khoma.

"Achemwali, khalani pakamtengo. Mangani chingwe m'chiuno, msanga."

Anamva kaphokoso komwe ankakadziwa, konga mpunga ukuthiridwa m'lichero. Kenako pansi panagunda kamodzi, bii, mpaka mapazi ake anamva. M'chitsime munatuluka fumbi ngati utsi.



Nedson anagwada pathabwa. "Achemwali." Fumbi linamulowa m'maso. "Achemwali Irene."

Panapita nthawi yoti munthu akhoza kupuma kakhumi. Kenako kunamveka chifuwa, chouma, chosalekeza.

"Ndilipo, abambo. Miyendo yakwiririka. Sindikutha kusuntha."

Nedson atadzuka anapeza bwalo layamba kuchepa anthu. Amene analowa mothamanga ankatuluka chammbali, mmodzimmodzi, maso ali pansi. Chidutswa cha njerwa chija chinali chitagona chokha pafupi ndi geti. Mcdonald anali chiimire pomwe paja, fumbi likadali m'dzanja.

Nedson anakoka chingwe, ndipo kamtengo kanabwera kopanda munthu. Anakulunga chingwecho kawiri pabulugamu, natenga nsonga yake n'kuiika m'manja mwa Mcdonald.

"Achimwene, gwirani. Muzimasula pang'onopang'ono mpaka ndikakuuzeni. Mukasiya, maliro ndi awiri."

Mcdonald anayang'ana m'dzenjemo. Anapukutira dzanja pa ovolosi, nagwira chingwe. Mayi Lois anagwira mkono wa mwamuna wa kabaza uja asanafike pageti, namukokera kumbuyo kwa Mcdonald. "Inunso gwirani apa. Munabwera ndi miyendo yanu." Amuna ena awiri anabwera okha.

Nedson anatsika ndi mbale yachitsulo yokha, poti fosholo ikanatha kumudula mtsikanayo. Kuwala kunkachepa akamatsika, ndipo mpweya unali wolemera ndi fumbi. Atafika pa lamba wa ufa anaona kuti mbali ya kumadzulo yadyeka, pachita phanga loti munthu akhoza kugonamo. Pamwamba pa phangalo dothi la timiyala linali lende, popanda cholichirikiza, ndipo madzi ankadonthabe kuchokera m'mphepete mwake. Anapinda miyendo kuti asakhudze khoma.

Irene anali atakwiririka mpaka m'ntchafu, nkhope yonse ili mbuu, maso okha akuoneka. Dzanja limodzi linali litapanikiza chinthu pachifuwa, m'kati mwa malaya.

"Musalankhule mokweza," ananong'ona Nedson. "Musakoke miyendo. Ndikuuzani ndine."

Anayamba kupala ndi mbale, n'kumaponya dothi kumbali yomwe inagumuka kale. Ufa wouma unkabwerera m'dzenje lomwe wapala, wonyowa unkagwira ngati phala lozizira. Anapala mpaka mawondo anaoneka. Kamwala kanagwa kuchokera padenga la phanga n'kugunda chipewa cha Irene. Onse awiri anaima osapuma. Sikunagwenso china.

"Pali paipi ina m'khomamo," ananong'ona Irene. "Ndinali nditamaliza kukhoma. Ili apo, pafupi ndi phewa lanu."

"Isiyeni."

"Ndi ya pansi penipeni. Ndi imene..."

"Achemwali, paipi imeneyo mwina ndi imene yagwira khomali. Isiyeni."

Nedson anapitiriza kupala. Mwendo wamanzere unatuluka ndi nsapato yake. Wamanja unakanirira, ndipo Nedson anachita kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono, kumasula zingwe za nsapato, n'kuusolola wopanda nsapato. Irene analuma mlomo, misozi ikujambula mizere pafumbi la m'masaya. Anamukhazika pakamtengo, namumanga m'chiuno ndi lamba wake wa buluku.

"Kokani," anaitana chapansipansi. "Mwakachetechete, osagwedeza."

Irene anakwera akuzungulira pang'onopang'ono, phazi lopanda nsapato likulendewera. Anadutsa phanga lija, nachepa, natseka kuwala konse kwa kanthawi, kenako manja ambiri anamukokera kumbali. Nedson anatsala yekha. Kumwamba kunkaoneka kabwalo koyera, kakang'ono ngati chivundikiro cha poto. Anamva mawu a anthu koma sanazindikire zomwe ankanena. Dontho la madzi linamugwera pakhosi, lina pamsana. Anaganiza za mkazi wake amene nthawi imeneyo anali pa benchi yake ya tomato kumsika, osadziwa kanthu. Anaganizanso kuti amene agwira chingwe kumtundako ndi anthu omwe aja anabwera ndi njerwa, ndipo palibe chowaletsa kuchoka.

Kamtengo kanatsika, kanamugunda paphewa.

Atatuluka anagona chagada pafumbi, osafuna kuti wina amugwire. Mcdonald anakhala pansi pafupi naye. Zikhatho zake zinali zitasupuka ndi chingwe. Irene anali pakhonde la Mayi Lois, phazi lili m'beseni la madzi, bondo likutupa. Anapisa m'malaya natulutsa paipi imodzi yokulunga bwino. Mayi Lois anabweretsa thumba lija, momwe munatsala ina imodzi. Ziwiri zotsegulidwa zinali gone padzuwa.

"Pepani, achemwali," anatero Nedson. "Ndinalibe njira ina."

"Ndinamva zonse, abambo. Ziwiri zotsalazi zitiuzako kanthu, ngakhale sizitiuza zonse."

Asanamalize kulankhula pansi panagundanso, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo thabwa la pakamwa pa chitsime linapendekeka. Mayi Lois anayang'ana fumbi likutuluka m'chitsime chawo, nakhala pansi pa sitepe, chitenje chili kukamwa.

Mcdonald anaimirira napita kukhonde. Anaima patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Mayi, inu mwaphunzira. Ngati sanathire anthu, mwana wanga anafa ndi chiyani?"

Irene anamuyang'ana. "Pepani kwambiri, bambo. Ine si dokotala, ndipo kwanu sindikudziwako. Chomwe ndikudziwa ndi dothi. Chimbudzi chikayandikana ndi chitsime, mvula ikagwa madzi amayenda pansi, kuchoka uku kupita uko. Kumtunda simuona kanthu, madzi amaoneka oyera. Mumatunga kuti?"

"Pa puloti pomwe timachita lendi. Kuseri kwa chigayo."

Nedson anali atadzuka kuti akatole mbale ndi chingwe. Anaima. Puloti ya kuseri kwa chigayo ankaidziwa. Chitsime chake anakumba ndi iyeyo zaka zisanu zapitazo, ndipo patatha chaka mwini malo anamuitananso kuti akumbe chimbudzi. Malo anali ochepa. Mwini puloti analoza ndi phazi pomwe ankafuna, Nedson ananena kamodzi kuti payandikira, mwiniwakeyo anati akapeza wina wokumba, ndipo Nedson anatenga piki.

Zimenezi sanaziulule pakhondepo. Anathandiza kukweza Irene pa njinga yamoto yopita naye kuchipatala, mapaipi awiri ali pamiyendo. Analonjeza Mayi Lois kuti akwirira dzenjelo ndipo ayamba lina kumbali ya kum'mawa. Madzulo Jones anatumiza uthenga pafoni wofunsa ngati zinthu zili bwino. Nedson anangobweza foni m'thumba.

Loweruka m'mawa anapita kuseri kwa chigayo. Mkazi wa Mcdonald anali pachitsime akukoka chigubu chodulidwa pakamwa, mwana wakhanda ali kumsana. Anapatsana moni. Nedson anaima pakhoma la chimbudzi, nayamba kuyenda molunjika kuchitsime akuwerenga mapazi chamumtima. Anakwana asanu ndi awiri okha.

"Mwataya chinthu, abambo?" anafunsa mayiyo.

"Ayi, mayi. Madziwo musamwe musanawiritse. Kodi bambo alipo?"

"Akusamba. Ndiwaitane?"

"Ndiwadikira," anatero Nedson, nakhala pa njerwa pafupi ndi khomo.